Kuthamanga ndi Wotchi pa Phiri la Mulanje

Anzanga aseminale, ambiri a ife tikamva za mpikisano wa liwiro timaganiza za bwalo la masewero, wezulo ya aphunzitsi ndi anthu ochemerera m'mbali. Koma ulipo mtundu wina wa liwiro umene ndafuna kuti tiuphunzire m'kope lino. Pa liwiro limeneli munthu sapikisana ndi mnzake amene akumuona ayi. Amasankha njira yodziwika ya m'phiri kapena m'nkhalango, nasankhanso yekha tsiku, kenaka nkuyesa kuimaliza m'nthawi yochepa kuposa onse amene nthawi yao inalembedwa. Pa Chingerezi amati fastest known time, ndiye kuti nthawi yochepetsetsa mwa nthawi zodziwika. Mau oti "zodziwika" muwasunge, tikumana nawonso kutsogoloku.

Chitsanzo chotchuka ndi cha phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895. Alendo amatha masiku 5 kapena kuposerapo kuti akafike pamwamba ndi kubwerera. Mu 2010 Kilian Jornet wa ku Spain anakwera ndi kutsika m'maola 7 ndi mphindi 14. Mu 2014 Karl Egloff anachepetsa nthawiyo kufika pa maola 6 ndi mphindi 42. Liwiro lotere linafala zedi mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa mipikisano ya anthu ambiri.

Kuno kwathu chimene chayandikira kwambiri ndi mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, lomwe lija timaliona kum'mawa tikaima kwathu ku Goliati. Unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati mpikisano wa anyamata onyamula katundu wa alendo ndi owalondolera njira, koma pambuyo pake unatsekukira ena onse, amai ndi abambo. Kawirikawiri umachitika mu Julayi. Amayambira pa ofesi ya za nkhalango ku Likhubula, kukwera mpaka ku Chambe, kudutsa ku Lichenya, nkutsikiranso ku Likhubula, mtunda wopitirira makilomita 20. Inde uwu ndi mpikisano wa gulu, komabe pa mtunda wotere anthu amamwazikana msanga, ndipo wotsogola amatsala yekha ndi miyala, mitengo ndi wotchi.

Tsono tiyeni tichite masamu pang'ono. Mu 1892 William Naismith wa ku Scotland anapereka njira yowerengera ulendo wa m'phiri: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse amene munthu wakwera. Tiyerekeze njira ya makilomita 20 yokwera mamita 1,200. Mtunda wokha ukupatsa maola 4, chitunda maola 2, onse pamodzi maola 6, osapumira. Opambana Porters Race amabwerera ku Likhubula maola 3 asanakwane. Ndiye kuti nthawi ya munthu wamphamvu woyenda bwino amaidula pakati, nkutsalako ina.

Ambiri timaganiza kuti chovuta nchitunda. Nzoona kuti pokwera mtima umagunda kwambiri ndipo mpweya umaperewera, mwakuti ngakhale akatswiri pamalo potsetsereka kwambiri amaleka kuthamanga, amayenda mwandawala atagwira m'maondo. Koma chimene chimaononga miyendo ndi kutsika. Potsika minofu ya m'ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki pa phazi lililonse, ndipo ndiyo imadzapweteka mawa lake. M'nkhalango muli mizu, ndere pa miyala ndi mthunzi wobisa maenje. Wotopa sakwezanso phazi mokwanira, ndipo apo mpamene anthu amagwera.

Chachiwiri ndi nyengo. Pa mamita 1,000 alionse okwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka. Munthu wonyamuka kumunsi thukuta lili kamukamu amakafika pamwamba malaya atanyowa, mphepo nkumulowa. Ife a ku Thyolo chiperoni timachidziwa bwino, chifunga ndi mvula yowaza zija zimasungitsa tiyi wobiriwira m'miyezi yozizira. Kumunda chimangotinyowetsa, koma paphiri chimabisa njira m'kanthawi kochepa. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo anamupeza atamwalira patapita masiku ambiri. Nchifukwa chake m'maganizo anga woyesa liwiro lotere pa Mulanje asanyamuke popanda kulembetsa ku ofesi ndi kutenga munthu wodziwa phirilo, ngakhale zitamuchedwetsa.

Nanga popeza palibe woimbira, tidziwa bwanji kuti munthu sananame? Masiku ano amavala wotchi ya GPS imene imalemba paliponse pamene wadutsa ndi nthawi yake. Ayeneranso kunena poyera ngati panali omuthandiza m'njira, kapena anangodziikiratu chakudya m'malo ena, kapena ananyamula zonse yekha, pakuti nthawi zitatuzi sazisakaniza. Komabe wotchi siingaone ngati wina anakupatsira nthochi kuseri kwa thanthwe. Pamenepo pamatsala chikumbumtima chokha, monga zimakhalira nthawi ya sitade Bambo akatuluka m'kalasi.

Tibwerere ku mau aja oti "zodziwika". Kwa zaka zambirimbiri anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa phirili akhala akutsika nalo atasenza matabwa kapena mitolo ya nkhuni pamutu, ena opanda nsapato. Palibe anawagwirira wotchi. Ine sindikayika kuti pakati pao panali ena amene akanadabwitsa dziko akanapatsidwa mpata. Edson Kumwamba wa ku Mulanje, amene anayambira pa Porters Race nakatchuka m'mipikisano ya m'mapiri ku South Africa, ndi umboni wake.

Chomvetsa chisoni nchakuti ena mwa matabwa amenewo anali a mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse. Nkhalangoyi inakhala yotetezedwa mu 1927, koma kafukufuku wa mu 2017 anapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akubzala mbande zambiri, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Mbande ya mkungudza imafuna zaka makumi angapo kuti ipereke mthunzi, choncho othamanga a msinkhu wathu adzadutsa malo ambiri pa dzuwa.

Pempho langa kwa Bambo oyang'anira zamasewero ndi lakuti, mayeso akalola, chaka china adzatitengereko ku Likhubula tsiku la mpikisano. Sindikunena kuti tikathamange nawo ayi, makolo asade nkhawa. Tikangoima pomalizira ndi wotchi ndi kope, tidzayese tokha masamu a Naismith.