Posintha kesi ya kompyuta, phindu limathawira pa timawaya ta kutsogolo

Kompyuta ya kaunjika ikakhala m'kesi yopindika ndi yokalikakalika, kasitomala amayamba kunenerera mtengo asanaiyatse n'komwe. N'chifukwa chake ogulitsa ndi okonza makompyuta ambiri amakonda kuchotsa zamkati n'kuziika m'kesi yatsopano yooneka bwino, ndipo katundu yemweyo amayenda msanga. Kumanga bodi yaikulu ija ya motherboard, kuika hard disk ndi power supply, zonsezi munthu amazidziwa tsiku limodzi. Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa timawaya tochokera kutsogolo kwa kesi, ta batani loyatsira, timagetsi, malo olowetsa fulashi ndi mahedifoni. Tina tikalakwika sipakhala vuto lalikulu, koma tina timawotcha katundu, ndipo wamalonda ayenera kudziwa kusiyanitsa magulu awiriwa.

Asanagwire chilichonse, mmisiri azule pulagi kukhoma. Kuzimitsa kompyuta pa batani sikokwanira. Kuyambira pomwe kampani ya Intel inabweretsa kapangidwe ka ATX mu 1995, power supply imatumizabe mavoti 5 ku bodi ngakhale kompyuta ili yozima, ndipo ndi mphamvu imeneyi yomwe imadikira kuti munthu adine batani. Akazula, adine batani loyatsira kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako agwire chitsulo cha kesi ndi dzanja asanakhudze bodi. Ngati kompyuta ikadali m'kesi yakale, kuijambula pa foni asanazule waya aliyense kumapulumutsa ola lathunthu.

Malo olumikizira timawayati amakhala m'mphepete mwa bodi, kawirikawiri kumunsi chakumanja. Pa bodi ya Gigabyte pamalembedwa F_PANEL, pa MSI pamalembedwa JFP1, pa Asus PANEL. Mabodi ambiri amatsatira ndondomeko ya Intel ya mapini 9 oikidwa m'mizere iwiri, wina wa mapini asanu ndi wina wa anayi, ndipo pakona imodzi pamakhala mpata wopanda pini. Mpatawo ndiwo chizindikiro. Kuwerenga kuyambire kumbali yotalikirana nawo. Pamzere wa mapini anayi, awiri oyamba ndi a kagetsi kosonyeza kuti kompyuta yayaka, ka POWER LED, ndipo awiri oyandikana ndi mpata ndi a batani loyatsira, POWER SW. Pamzere wa mapini asanu, awiri oyamba ndi a kagetsi ka hard disk, HDD LED, awiri otsatira ndi a RESET SW, ndipo pini yomaliza imakhala yopanda ntchito. Mabodi ena ali ndi mizere yaitali kuposa pamenepa, choncho timalemba tating'ono tosindikizidwa pabodipo ndito tili ndi mawu omaliza. Tochi ya pafoni ndi kamera yake yokulitsa zinthu zimathandiza kwambiri, makamaka m'mashopu amdima.

Mabatani awiriwa alibe kutsogolo kapena kumbuyo. Ntchito yake ndi kungokhudzitsa mapini awiri kwa kamphindi, ndiye kapulagi kake kangalowe mbali iliyonse. Timagetsi tokha ndito tili ndi + ndi −. Kawirikawiri waya wamtundu ndiye +, woyera kapena wakuda ndiye −, ndipo m'makesi amakono momwe mawaya onse ndi akuda, kamakona atatu kosindikizidwa kuseri kwa kapulagi kamaloza ku +. Kagetsi kakalowa chozondoka sikapsa, kamangokana kuyaka, ndipo kukatembenuza basi nkhani yatha. Wofuna kutsimikiza atha kugwiritsa ntchito kabatire kozungulira ka CR2032 ka pabodi, ka mavoti 3: akakhudzitsa mawaya awiriwo mbali zake ziwiri, kagetsi kakayaka wadziwa kuti + ndi uti.

Makesi akale amabwera ndi kapulagi ka POWER LED ka mabowo atatu, lapakati lopanda waya, pomwe bodi ikufuna awiri oyandikana. Apa sipofunika kudula waya. Singano ikakweza kapulasitiki kogwira, waya amasololoka n'kulowa m'bowo lapakati.

Pali chinthu china chomwe chimataitsa ndalama mwakachetechete. Kompyuta ikakana kuyaka, ena amathamangira kunena kuti bodi yafa, n'kuigulitsa ngati sikirapu kapena kuuza kasitomala kuti agule ina. Nthawi zambiri lomwe lafa ndi batani chabe. Kuyesa kwake n'kosavuta: azule kapulagi ka POWER SW, alumikize magetsi, kenako akhudzitse mapini awiri aja ndi nsonga ya sikuludiraiva kwa kamphindi, osakhudza mapini ena. Fani ikazungulira, bodi ili moyo. Ngati kompyuta ikuyaka n'kuzima yokha pakatha masekondi anayi kapena asanu, aone kaye ngati batani silinakanirire mkati, chifukwa bodi imamva ngati munthu walidina osalisiya. Batani loyatsira likathyoka, la RESET litha kulowa m'malo mwake pa mapini a POWER SW ndipo limagwira ntchito bwinobwino, bola kasitomala auzidwe, asakadabwe kunyumba.

Gulu loopsa ndi la USB. Malo a USB 2.0 pabodi ali ndi mapini 9, ndipo m'mawaya ake wofiira amanyamula mavoti 5, woyera ndi wobiriwira amanyamula uthenga, wakuda ndi wobwezera mphamvu. Makesi ambiri amakono amabweretsa pulagi imodzi yotseka bowo limodzi, moti singalowe molakwika pokhapokha munthu aikakamize. Koma makesi ena akale kapena otchipa amabwera ndi timawaya topatukana, kalikonse pakokha. Wofiira ndi wakuda akasinthana malo, fulashi yoyamba kulowa pamenepo itha kupsa nthawi yomweyo. Ikakhala ya kasitomala, yokhala ndi mayeso a sukulu kapena maakaunti a bizinesi, mlandu wake suthera pa mtengo wa fulashi.

Pa mabodi akale palinso msampha wina. Malo olembedwa 1394, a FireWire, amafanana kwambiri ndi a USB ndipo pulagi itha kulowa, koma pamenepo pamadutsa mavoti 12. Kulumikiza USB pamalo amenewa kumawotcha chilichonse cholowetsedwa kutsogolo, mwinanso bodi yomwe. Ndalama ya ntchito yosintha kesi singagule bodi ina.

Pulagi yaikulu ya USB 3.0, yomwe nthawi zambiri imakhala yabuluu, ili ndi mapini 19 opyapyala kwambiri. Imafuna kulowa mowongoka ndiponso kamodzi. Kuigwedeza uku ndi uku kumapinda mapini, ndipo poizula ena amazula ndi chipulasitiki cha pabodi chomwe.

Za mahedifoni sizivuta. Pulagi yake ifanana ndi ya USB koma bowo lotseka lili pena, ndipo pabodi pamalembedwa AAFP, F_AUDIO kapena JAUD1. Waya ukakhala ndi mitu iwiri, HD AUDIO ndi AC'97, mutu wa HD AUDIO ndiwo woyenera mabodi pafupifupi onse opangidwa kuyambira cha m'ma 2004 kubwera kuno. Kasipika kakang'ono ka mabowo anayi ambiri amakataya, koma kulira kwake ndi komwe kumauza mmisiri kuti RAM sinakhale bwino pamene sikirini ili bii.

Zonsezi zikunena za mabodi wamba. Makompyuta a m'maofesi monga Dell OptiPlex ndi ena a HP, omwe ndi ochuluka pa kaunjika, ambiri satsatira ndondomeko ya mapini 9 ija. Ali ndi mapulagi awoawo a kutsogolo, ndipo ena m'malo mwa waya wamkulu wa mapini 24 wa power supply amagwiritsa ntchito wa mapini 8 kapena 6. Bodi yotere ikasamukira m'kesi wamba imafuna maadaputa, ndipo ma Dell ena amadandaula nthawi iliyonse poyaka kuti waya wakutsogolo palibe, mpaka munthu adine F1. Kasitomala akaona uthengawo amaganiza kuti wagulitsidwa chowola. Wamalonda atsegule kaye kompyuta n'kuona mapulagi ake asanagule kesi kapena kutchula mtengo wa ntchito, ndipo nthawi zambiri kutsuka kesi yakale ya Dell n'kuipopera penti kumabweza ndalama kuposa kuisamutsa.

Asanatseke chivindikiro, aonetsetse kuti pansi pa bodi palibe kachitsulo kokwezera komwe sikakugwirizana ndi bowo la sikuluwu, chifukwa kamodzi kokha kotsala kamakhudza bodi n'kuyambitsa shoti. Kenako ayese batani lililonse, timagetsi tonse tiwiri ndi mahedifoni. Malo a USB akutsogolo ayesedwe limodzilimodzi ndi mbewa yakale kapena fulashi yopanda kanthu yosungidwira ntchito yomweyi m'shopu, kasitomala asanalowetsemo yake.