ZIMENE MUDZAPEZA M'GULU LA MASEWERO

Anzanga a Form 1, amene mwafika kuno ku Likuni caka cino, ambiri a inu mwakhala mukufunsa za gulu lathu la masewero, limene ena amalicha la zisudzo. Ena muyesa kuti ndi malo ongosekako, kothawira munthu akatopa ndi masamu. Ine ndakhala m'gululi zaka zitatu, ndipo ndifuna kukuuzani zimene mudzapezamo, kuti wolembetsa dzina alembetse ali kudziwa.

Musayembekeze kuti tsiku loyamba adzakupatsani buku ndi kukuuzani kuti ndinu mfumu. Iai. Masabata oyamba ndi a mpweya ndi mau basi. Aphunzitsi amatiimika pa mzere, natiuza kuika dzanja pamimba ndi kukoka mpweya kufikira dzanjalo litakankhidwa. Cifukwa cace n'cakuti munthu wopumira m'cifuwa mokha mpweya umamthera asanamalize mau, ndipo pofuna kumveka patali amayamba kupfuula ndi pakhosi, m'mawa mwace n'kudzuka mau atasasa. Tikatero mmodzi amaima kutsogolo kwa holo, mnzace ku khomo la kumbuyo, ndipo woyambayo ayenera kulankhula osakuwa, koma winayo amve liu liri lonse. Apa ndi pamene timadziwa kuti ambiri a ife timameza mathero a mau. M'Cingerezi muli bvuto linanso, pakuti m'Cicewa cathu l ndi r sasiyanitsa tanthauzo, koma kwa Angerezi pray ndi play ndi zinthu ziwiri. Pa sukulu ya mishoni ngati yathu ino, wosewera amene asokoneza mau awiriwa amaseketsa holo yonse pa malo pofunika misozi.

Kenaka pamabwera nchito imene ine ndiikonda koposa zonse, ndiyo kupeka pompo. Aphunzitsi amangoloza anthu awiri nanena kuti, "Iwe ndiwe mlimi wa fodya wocokera ku okushoni, ndipo iwe ndiwe mlamu wace amene anamkongoza feteleza. Yambani." Palibe pepala, palibenso nthawi yoganiza. Wamanyazi amaima ngati citsa, ndipo anzace amamseka. Zimenezi muziyembekeze, cifukwa zimagwera ali yense. Koma funso limene limamasula munthu ndi limodzi: kodi munthu amene ndiri kusewerayu afuna ciani? Mlamuyo afuna ndalama zace, koma safuna kudana ndi mwamuna wa mlongo wace. Mlimiyo afuna kubisa kuti fodya wagulidwa pa mtengo wabwino. Mukadziwa zimenezo mau amabwera okha, ndi manja omwe amapeza cocita. Funsoli si latsopano ai. Konstantin Stanislavski, mphunzitsi wa masewero wa ku Russia amene anamwalira mu 1938, ankalifunsa kwa ophunzira ace.

Cotero pa chuthi timapatsidwa nchito yopenya anthu. Amene kwanu ndi ku Mitundu khalani pa msika tsiku limodzi muone m'mene mai wogulitsa tomato amakanira mtengo uku dzanja liri kale kuika basera m'jumbo. A ku Nathenje imani pa mseu waukulu mumve m'mene kondakitala amaitanira anthu. Ophunzira atsopano akauzidwa kusewera nkhalamba onse amapinda msana, nagwira ndodo, nanjenjemera. Koma kodi agogo anu amayenda cotero? Anga amayenda ciriri, ndipo ukalamba wao umaoneka pokhala pansi ndi podzuka pokha.

Kunena zoona palibe mmodzi wa ife amene amafika wosadziwa kanthu. Tonse tinacitapo masanje, tinamvanso nthano madzulo, wokamba ali kusintha mau kuti Kalulu asiyane ndi Fisi. Ambiri tinaonerera gule wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuika mu 2005 pakati pa cuma ca miyambo ya anthu onse. Koma pa bwalo la m'mudzi oonerera amazungulira mbali zonse, pamene m'holo amakhala mbali imodzi. Ndico cifukwa cace mudzamva aphunzitsi ali kubwereza kuti, "Usatipatse msana!" kufikira mutatopa nawo. Ndipo ndinenepo maganizo anga pano: zilombo za ku dambwe ziri ndi eni ace ndi malamulo ace, si zobvala zoti mwana wa sukulu atenge kukaseketsa nazo anzace.

Pa sukulu ya anyamata okhaokha wina ayenera kubvala citenje ndi duku. Apa ambiri amathawa, kuopa dzina limene lingawakakamire kufikira Form 4. Ine sindiona cocititsa manyazi. M'masiku a William Shakespeare, pamene nyumba ya masewero ya Globe inamangidwa ku London mu 1599, akazi sanali kusewera pa nsanja, ndipo Juliet ndi Lady Macbeth anali kuseweredwa ndi anyamata. Cimene ciri coipa ndi kucita mkazi monyoza, kugwedeza ciuno ndi kulira ngati mbuzi kuti anthu aombe m'manja. Amai athu satero.

Za kuloweza mau sindinenapo zambiri, pakuti ndi thukuta cabe. Cinthu cimodzi cokha: lowezaninso mau otsiriza a mnzanu, cifukwa ndiwo amakuuzani nthawi yoyankha. Kumbuyo kwa nsalu kumakhala wonong'oneza ali ndi buku m'manja, koma oonerera a mzere woyamba amamumva.

Mudziwenso kuti si onse amene adzaonekera. M'sewero la anthu 8 mungakhale anthu 20 ogwira nchito. Wina amanga nsanja polumikiza matebulo a m'cipinda codyera, wina apacika mabulangete, wina apota khonje kuti likhale ndevu, wina athira phulusa m'tsitsi la mnzace, winanso agwedeza lata kuti kugunde bingu. Wogwedeza latayo akacedwa pang'ono pokha, mfumu imakhala itanena kale kuti mvula yafika kumwamba kuli zii.

Nanga zonsezi zimapita kuti? Mpikisano wa masewero a Cingerezi wa masukulu a sekondale, umene unakonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Cingerezi la ATEM, unayamba mu 1969. Caka cotsatira, mu 1970, a ku Chancellor College anayamba gulu loyendayenda lochedwa Travelling Theatre, ndipo mu 1976 James Gibbs anasonkhanitsa masewero a Amalawi m'buku la Nine Malawian Plays. Masiku amenewo olemba anali kuyenda mosamala, pakuti lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, imene inali ndi mphamvu yoletsa sewero kapena kudulamo mau, ndipo ambiri anaphunzira kubisa nkhani m'nthano ndi m'mbiri yakale. Du Chisiza Jr. anayamba kuchuka ali mwana wa sukulu ngati ife, pa HHI ku Blantyre, ndi sewero lace The Deceased's Attack. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata, ndipo anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha. Pa masewero a Cicewa makolo athu amakumbukirabe Izeki ndi Jakobo, ndiwo John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu. Ine ndifuna kuti ifenso tizicita masewero a Cicewa ambiri, cifukwa makolo akabwera kudzationa amaomba m'manja mwaulemu pa Cingerezi, koma amaseka ndi kulira pa cinenero cao.

Tsono bvuto lalikulu ndi nthawi, ndipo sindikubisirani. Sewero likayandikira timakonzekera masana onse, anzathu ali ku mpira kapena ali kucapa, ndipo belu la phunziro la usiku silidikira munthu. Mayeso a JCE ndi MSCE safunsa kuti munasewera ndani. Alipo amene anaturuka m'gulu cifukwa makolo ao anaona malikisi atatsika, ndipo sindingawanene makolowo kuti analakwa, popeza fizi imacokera m'munda. Amene amakhalitsa ndi aja amene amamaliza nchito ya m'kalasi asanalowe m'holo.

Usiku wa sewero mimba imatentha, cakudya sicilowa, ndipo mau oyamba amaoneka ngati athawa m'mutu. Kokani mpweya monga munaphunzirira sabata loyamba lija. Mukamaliza musathamangire kogona, pakuti mabulangete ayenera kubwerera kwa eni ace, ndi matebulo onse m'cipinda codyera, phala la m'mawa lisanafike.