Amuna anga akwatira kasitima ka matabwa

Okondedwa Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala ku Mangochi. Amuna anga adapuma pa ntchito ya uphunzitsi zaka zitatu zapitazo. Popuma paja ndinkati tsopano tikhala pamodzi, tizilima, tizilera zidzukulu, madzulo tizicheza pakhonde. Koma zimene zikuchitika pakhomo pano zandithetsa nzeru.

Zidayamba ndi kasitima ka Ilala kamene adasema poyang'ana zithunzi. Kadali kokongoladi, ndidayamikira, ndinkayesa zathera pomwepo. Kenaka mwana wathu wa ku London adawatumizira mapepala akuluakulu a mapulani a sitima ina yakale ya matanga, akuti Cutty Sark. Chilandirireni mapepalawo, bambowa sindikuwamvetsanso. Tebulo lodyera adalilanda, ife tikudyera pamphasa. Utuchi uli ponseponse, mpaka m'ndiwo. Amalawirira m'mamawa, magalasi pamphuno, kupala timatabwa topyapyala, tsiku lonse n'kumata tiwiri kapena titatu basi. Ndikawayankhula amangoti “eya, eya” maso ali papepala.

Mwezi watha adatapa ndalama za penshoni osandiuza n'kugula timacheka, timipeni ndi guluu, chonsecho feteleza sitidagule. Kumaliro a mnansi wathu adafika mwambo uli mkati, ati ankadikira kuti guluu agwire. Manyazi ake! Sabata yatha mdzukulu wathu wa zaka zisanu ndi chimodzi adathyola mlongoti umodzi posewera. Adamukalipira mpaka mwana kunjenjemera, iwo n'kugona ndi njala, masiku awiri osayankhula ndi munthu.

Anzanga amandiseka kuti ndidakwatiwa ndi mwana wosewera ndi zidole. Alamu anga akuti mutu wayamba kusokonekera, ena akuti adalodzedwa. Mzungu wina wodzaona nyanja adafuna kugula ka Ilala kaja ndi ndalama zooneka, iwo adakana. Nanga phindu lake n'chiyani? Tsiku lina ndidanyamula kasitima katsopanoka kuti ndikaponye pamoto, koma mtima udandiletsa. Kodi ndiitane ankhoswe, kapena ndingokagulitsa mobisa? Ndithandizeni.

Mayi wothedwa nzeru,
Mangochi

Amayi,

Mtima umene udakuletsani tsiku lija muuthokoze. Madzi akatayika saoleka. Matabwa akadapsa m'kanthawi kochepa, koma mlandu wake mukadausenza mpaka ukalamba. Kugulitsa mobisa nakonso ndi kuba, ngakhale ndalamazo mutagulira feteleza wa banja lomwelo. Ziwirizi zichotseni m'maganizo.

M'kalata mwanu mwamanga nkhani ziwiri mtolo umodzi. Ina ndi ya sitimayo, ndipo pamenepo bambo alibe mlandu. Ina ndi ya tebulo, ndalama, maliro ndi mdzukulu, ndipo pamenepo adalakwa ndithu. Mukazisakaniza, iwo angomva kuti mukudana ndi chimene amakonda, atseka makutu, ndipo zolakwa zenizenizo zikhala chikhalire.

Ndiyambe ndi mawu a alamu anu. Mapepala ajawo mudawayang'anapo bwinobwino? Pulani ya sitima imaonetsa thupi lake katatu: poliyang'ana cham'mbali, poliyang'ana kuchokera pamwamba, ndi poliyang'ana chakutsogolo ndi chakumbuyo. Chojambula chachitatuchi ndicho chili ndi mizere yokhota yothithikana. Mzere uliwonse ukuonetsa m'mene sitima ingaonekere mutaidula pamalo akutiakuti, monga tidulira buledi. Wopanga amakopera mzere uliwonse pa pulayiwudi, kucheka, n'kuimika zidutswazo motsatizana pamsana wa sitima. Izo ndiye nthiti. Akatero amazipala m'mbali mpaka kathabwa kakagonekedwa pamwamba pake kazikhudza nthiti zonse popanda mpata. Nthiti imodzi ikatalika ndi milimita imodzi yokha, mbali yonse imatuluka chotupa.

Thupi la Cutty Sark ndi lalitali pafupifupi mamita 65. Ngati bambo akupanga pa sikelo ya 1:100, kawo kakhala ka masentimita 65, ndipo chitseko chilichonse, mlongoti uliwonse, ayenera kugawa muyeso wake ndi 100. Timatabwa tokuta thupilo sitimatidwa chisawawa. Sitima ndi yonenepa pakati, yosongoka kutsogolo, choncho kathabwa kalikonse kapalidwe kuti kachepe kunsonga, kanyikidwe m'madzi otentha, kapindidwe, kapanidwe mpaka kaume, ndiye kamatidwe. Akamata kumanja amatenso kumanzere, kupanda apo thupi lonse limapotoka. N'chifukwa chake mukuona tiwiri kapena titatu patsiku. Ndipo akadali ndi ulendo: sitima yeniyeniyo idali ndi milongoti itatu ndi zingwe zotalika pafupifupi makilomita 18 mukazilumikiza, ndipo chingwe chilichonse chili ndi poyambira ndi pothera pake.

Munthu amene mutu wayamba kusokonekera kawirikawiri sangathe masamu amenewa. Zoyenera kukudetsani nkhawa ndi zina: kuiwala mayina a ana ake, kusochera panjira imene amaidziwa, kufunsa funso lomwelo kambirimbiri, kulephera kuwerenga ndalama, kuleka kusamba, kusala kudya ndi tulo kwa masabata. Mukaona zotere thamangirani nawo kuchipatala. Za kulodzedwazo musazilole n'komwe pakhomo panu. Mawu amenewo amayamba ngati nthabwala, koma amathera pa kuloza chala nkhalamba yosalakwa ya m'mudzi.

Anzanu akuti ndi zidole. Pa nkhondo za pakati pa Britain ndi France, kuyambira 1793 mpaka 1815, amalinyero ambiri a ku France adagwidwa n'kutsekeredwa m'misasa ya akaidi ku England, monga wa Norman Cross kufupi ndi Peterborough. Anthu amenewa adali atalandidwa ntchito yawo ndi nyanja yawo, atangotsala ndi nthawi yambirimbiri. Ankatola mafupa a ng'ombe ndi nkhosa otsala pa chakudya chawo, kuwayeretsa, kuwacheka timizere, n'kupanga sitima zankhondo zokhala ndi mizinga, milongoti ndi zingwe zonse. Lero sitimazo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, m'mabokosi a galasi.

Ndatchula akaidiwa dala. Mphunzitsi amakhala zaka makumi angapo akudzutsidwa ndi belu, ana akuimirira akalowa m'kalasi, tsiku lake litagawidwa kale ola ndi ola. Tsiku lopuma pa ntchito, zonsezo zimatha kamodzin'kamodzi. Amuna ambiri mpata umenewu amaudzaza ndi mowa, ena amangokhala pampando n'kuyamba kudwala. Anu adzipezera ntchito yokhala ndi poyambira, muyeso ndi pothera. Funso lanu lakuti phindu lake n'chiyani yankho lake ndi limenelo. Si chilichonse chimene munthu apanga ndi manja ake chiyenera kupita kumsika. Ngati mumaimba kwaya kapena mumadzala maluwa pabwalo, palibe amene amakulipirani, koma wina atakuletsani mungamve kuwawa.

Mzungu uja adakanidwa pa chifukwa chomwecho. Komanso mutagawa ndalama zimene ankaperekazo ndi maola amene adathera pa kasitimako, mwina mungapeze kuti waganyu wolima amalandira zoposa. Ku Mauritius, makamaka m'tauni ya Curepipe, kuli mashopu amene amapanga masitima oterewa kuti agulitse kwa alendo, koma kumeneko ntchito amagawana: wina thupi, wina milongoti, wina matanga ndi zingwe. Munthu mmodzi patebulo sangapikisane nawo. Bambo akadzafuna okha, angathe kumapanga timabwato ting'onoting'ono tosavuta togulitsa kunyanja, koma lingalirolo lichokere kwa iwo.

Tsopano ku zolakwa zawo. Penshoni ndi ya banja, si ya bambo okha. Khalani pansi mugawe ndalama za mwezi: chakudya, feteleza, sopo, mankhwala, chopereka, ndipo pa zotsalazo mugwirizane kangachepe ka sitima mwezi uliwonse. Kakatha, katha. Nkhanga zidapangana kusanapse. Ndipo ntchitoyi siifuna ndalama zambiri monga ikuonekera. Zidutswa zimene akalipentala amataya n'zokwanira: malaina ndi wofewa ndipo sapindika wamba akauma, m'bawa amakongoletsa tinyumba tapamwamba pa sitima, mlombwa ndi wabwino pa choimikapo. Nsungwi zouma zimapereka timisomali ndi timitengo topingasa. Ulusi wa atelala ukapakidwa phula la njuchi umasiya kunyenyeka ndipo umakhala chingwe chabwino. Mapegi oyanikira zovala amapana, lezala amadula, waya wa kopa wa m'nthambo zakutha amapanga timphete. Chimodzi chokha asagule: mkungudza wa ku Mulanje. Ndi wosavuta kusema, n'zoona, koma watsala pang'ono kutheratu m'phirimo ndipo kuudula n'koletsedwa.

Tebulo libwerere kwa eni ake. Kalipentala awakhomere kabenchi pakhonde kapena pafupi ndi zenera m'chipinda chosagonamo munthu, pomwe pali kuwala ndi mphepo. N'zowathandiza iwo omwe, chifukwa fumbi la matabwa, makamaka olimba, limapweteka chifuwa ndi maso. Popala ndi sandipepa azivala chotseka mphuno.

Za maliro ndiye palibe chowiringula. Guluu wa matabwa ukamupana bwino amagwira yekha, ndipo kuti alimbe kwenikweni pafunika tsiku lathunthu. Sauma msanga chifukwa munthu akumuyang'anira. Akadapana, n'kutseka chitseko, n'kupita. Apite kwa anamfedwawo akapepese, chifukwa tsiku lina anthu omwewo ndiwo adzasonkhe moto pabwalo panu.

Cholakwa chachikulu ndi cha mdzukulu. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akaona kasitima pamalo pomwe dzanja lake lifika, agwira basi, ndipo mphunzitsi wakale akudziwa zimenezi kuposa ine ndi inu. Mlongoti umasemedwanso. Mbiri ya sitima imene akupangayo bambo akuidziwa: idamangidwa ku Dumbarton ku Scotland mu 1869, idanyamula tiyi wa ku China ndi ubweya wa nkhosa wa ku Australia, kenaka mu 1895 Apwitikizi adaigula n'kuitcha Ferreira, n'kumafika nayo ku Mozambique ndi Angola. Mu 1916 namondwe adaithyola milongoti kufupi ndi Cape of Good Hope, idachita kukokedwa mpaka ku Cape Town. Mu 2007 idapsa ndi moto ku Greenwich, koma idakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2012. Ngati yeniyeniyo idathyoka n'kukonzeka, kamtengo ka patebulo sikangakhale chifukwa choti mwana aziopa agogo ake. Amuitane, amunyamule, amuuze kuti adakalipa mopyola. Sitima ikhale pa shelefu yapamwamba, ikadzatha ilowe m'bokosi la galasi lotchinga fumbi ndi tizala. Mwanayo amupatse zidutswa zakezake, apange naye kabwato koyandama m'beseni.

Chimene chikukupwetekani kwambiri, m'mene ndawerengera, si utuchi ayi. Mudadikira zaka zambiri kuti amuna anu adzakhale nanu, ndipo atabwera kunyumba mwapeza kuti mukadali nokha. Mawu amenewa ndiwo muwauze, mosazungulira. Musawayambe pamene kathabwa konyowa kali m'manja. Dikirani atadya, mtima uli m'malo, muyambe ndi kufunsa za mapepalawo. Afunseni za sitima ya Chauncy Maples, imene idapangidwa ku Glasgow mu 1899 n'kubwera m'zidutswa zoposa 3,000 kudzera mu Zambezi ndi Shire. Manambala ozindikiritsa zidutswazo adakwiririka pozikuta ndi zinki yoteteza dzimbiri, ndipo amisiri adavutika zaka ziwiri kuilumikiza dera la kwanu komweko, mpaka idalowa m'madzi mu 1901. Afunseni za Ilala, imene idapangidwa ndi kampani ya Yarrow mu 1949, n'kubwera m'zidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Mphunzitsi akafunsidwa funso sakhala chete. Akamasuka, ndiye munene kuti, “Abambo, sitima yanu sindidana nayo, koma ndikukusowani. Nthawi ya chakudya, Lamulungu ndi madzulo dzuwa likalowa zikhale zathu.”

Ankhoswe adikire kaye. Nkhaniyi simudaikambe awiri modekha, ndipo mukathamangira kubwalo bambo adzaona ngati mwawavula pagulu. Koma mukakambirana, iwo n'kupitiriza kutapa ndalama mobisa, kuthawa maliro kapena kuopseza ana, aitaneni ankhoswewo. Mukatero mukawatulire mlandu wa ndalama, wa maliro ndi wa mwana, chifukwa imeneyo ndiyo milandu imene ankhoswe angaweruze.

Azakhali