Galimoto ikamalira pansi, funsani kaye chimene chikuzungulira



Phunziro la ulendo uno ndi la galimoto, makamaka phokoso lochokera pansi pake ndi ndodo ya giya yogwedera. Ambirife tilibe galimoto, koma tonse timakwera: ma Sienta ndi ma Probox apakati pa boma ndi chipata cha Mwami, maminibasi a mumsewu wa M12 opita ku Lilongwe, ndi mapikapu olowa m'midzi ya ku Mkanda ndi Kapiri kukatenga mtedza ndi soya. Komiti ikachita hayala galimoto yonyamula wodwala kapena jeneza, miyoyo ya anthu imatsamira pa zitsulo zomwezi. Ndipo kugalaja mawu amene amatha ndalama za anthu ndi awiri okha: "Giyabokosi yatha." Nthawi zina zimakhala zoona. Koma nthawi zambiri chimene chatha ndi kalabala kapena kabushi kotsika mtengo, ndipo munthu wodziwa kumvetsera angathe kuzindikira asanamasule bauti ngakhale imodzi.

Tiyambe ndi njira imene mphamvu imadutsa. Injini ikazungulira, mphamvu yake imadutsa pa kilatchi, n'kulowa m'giyabokosi, kenako m'difu, imene imaigawa kumawilo awiri kudzera m'mashafuti. M'galimoto zing'onozing'ono zokokera kutsogolo, giyabokosi ndi difu zimakhala m'chigoba chimodzi, ndipo shafuti iliyonse ili ndi mfundo ziwiri zotchedwa CV joint. Mu Hilux ndi m'maminibasi a HiAce difu ili kumbuyo, ndipo mphamvu imafikako kudzera m'shafuti yaitali ya pansi pa galimoto, imene mfundo zake ndi timitanda tachitsulo.

Chinsinsi chonse chili apa: zitsulo zimenezi sizizungulira zonse nthawi imodzi. Galimoto itaima, injini ikulira, giya ili pa nyutulo ndipo phazi silili pa kilatchi, injini ikuzungulira pamodzi ndi shafuti yolowa m'giyabokosi, koma mawilo ali phee. Mukaponda kilatchi, shafuti ija imaima. Galimoto ikamayenda pa nyutulo, mawilo, mashafuti ndi difu zikuzungulira mwa liwiro la msewu pamene injini yatsitsa mawu. Choncho kilatchi ndi nyutulo zili ngati mipeni iwiri yogawira galimoto m'zigawo. Phokoso likatha pamene chigawo china chaima, mwini phokosolo ali m'chigawo chimenecho.

Yesani motere. Galimoto itaima pa nyutulo, mvetserani. Ngati pali kulira kwa "hrrr" kumene kumatha mukaponda kilatchi, ganizirani belingi ya shafuti yolowa m'giyabokosi, kapena oyilo wochepa. Ngati zili mosemphana, phokoso likuyamba mukangoponda ndipo likutha mukachotsa phazi, ndiye belingi yokankha kilatchi. Kuti iyi isinthidwe giyabokosi iyenera kutsitsidwa, koma siifunika kutsegulidwa, ndipo pokambirana mtengo kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Kenako galimoto iyende pamsewu woongoka, wopanda anthu, pa liwiro lochepa. Woyendetsa akhale wa laisensi. Ophunzira ntchito yanu ndi makutu basi. Injini isazimitsidwe poyesa, chifukwa mabuleki ndi chiwongolero zimauma. Phokoso la "wuuu" lokula ndi liwiro, losasintha ngakhale musinthe giya kapena muike pa nyutulo, kawirikawiri ndi belingi ya wilo, ngakhale tayala lodyeka mbali imodzi limaliranso choncho. Likamakula pokhotera kumanzere, yambani kuyang'ana wilo lakumanja, poti ndilo lasenza kulemera panthawiyo. Difu imalira mosiyana: imaimba mukaponda moto, n'kusintha mawu kapena kukhala chete mukachotsa phazi.

Phokoso limene timalimva kwambiri kuno ndi "khe khe khe khe" galimoto ikamakhota kwambiri ikunyamuka, monga potembenuka pasiteji. Imeneyo ndi CV joint yakunja, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni chifukwa imayamba ndi chinthu chaching'ono. Mfundoyi imavekedwa kalabala kokhala ngati kathumba kamakwinya, kodzaza girisi. Chitsa, mwala kapena ukalamba zikang'amba kalabalako, girisi amamwazika, mchenga wa m'misewu yathu yafumbi n'kulowa, ndipo nthawi ya dzinja matope amawonjezera. Mchenga wosakanizika ndi girisi umapera chitsulo ngati mphero. Kalabala kakasinthidwa msanga, mfundo itsukidwe ndi kuikidwa girisi watsopano, imapulumuka. Ikayamba kulira, ndiye yatha, kwatsala n'kugula ina. Ikasiyidwabe, tsiku lina imathyoka, injini n'kumalira koma galimoto osasuntha, mwina usiku pakati pa Kamwendo ndi Waliranji muli ndi wodwala kumbuyo. Kuona kalabalako sikufuna sipana: khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto, suzumirani kuseri kwa wilo. Mukaona girisi wakuda atamwazika pamenepo, musadikire mwezi wamawa.

Pa galimoto zokankhira kumbuyo, "gu!" womveka ponyamuka kapena pochoka giya yopita kutsogolo kulowa rivesi nthawi zambiri amachokera ku timitanda ta shafuti yaitali ija. Kafumbi kofiira ngati dzimbiri pa mtanda ndi chizindikiro chakuti girisi anauma kalekale. Polowa pansi pa galimoto musadalire jeke yokha. Ikani zochirikiza zolimba ndi miyala yotsekera mawilo, chifukwa jeke ikaphonya sipereka mpata wothawa.

Tsopano ndodo ya giya yogwedera, imene imayenda uku ndi uku ngati mthiko m'phala. M'galimoto zambiri ndodoyo siili m'giyabokosi. Imalumikizidwa ndi zingwe ziwiri zachitsulo kapena timitengo tachitsulo, ndipo polumikizira paliponse pali kabushi ka pulasitiki kapena labala. Timabushi timeneti tikadyeka, dzanja limayenda koma giyabokosi imalandira theka la uthengawo. Kuyesa kwake kumafuna anthu awiri. Injini itazimitsidwa, mmodzi agwedeze ndodo pang'onopang'ono, wina ayang'ane pamene zingwe zafikira pa giyabokosi. Ngati ndodo ikuyenda koma kachitsulo ka pa giyabokosi sikakusuntha, vuto lili panjira, osati m'kati. Onaninso malabala aakulu amene injini ndi giyabokosi zakhalapo. Akang'ambika, injini imadumpha ponyamuka, imakoka zingwe zija, ndipo giya imatha kutuluka yokha pamabampu.

Pali kuyesa kwina kofunika kwambiri. Ngati magiya onse akulowa bwino injini itazima, koma akukana kapena kukukuta mano injini ikulira, makamaka giya yoyamba ndi rivesi, ndiye kilatchi siikulekanitsa bwino. Yambani ndi mafuta ake m'kabotolo, ndipo onani ngati sakudontha kapena simunalowe mpweya. Giya imodzi yokha ikamakukuta, monga yachiwiri, pamene zina zikulowa bwino, apo ndiye tingayambe kukamba za mphete zamkuwa za m'kati, ndipo makaniko ali ndi chifukwa chotsegulira. Madalaivala okonda kutsamiritsa dzanja pa ndodo ya giya ulendo wonse, kapena kupumitsa phazi pa kilatchi, akudya zitsulo zawo okha.

Za oyilo ndikambepo pang'ono. Pa giyabokosi zambiri za manyuwale ndi madifu, oyilo amayenera kufika pakamwa pa bowo lothirira. Masulani kaye bauti yothirira musanamasule yokhetsera, kuopa kukhetsa oyilo yense kenako n'kupeza kuti yapamwambayo yakana. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka walowa madzi, zomwe zimachitika galimoto ikawoloka dambo lodzaza. Mtundu wake uzikhala umene buku la galimotoyo likunena: magiyabokosi ambiri amafuna GL-4 pamene madifu akumbuyo amafuna GL-5. Ma Sienta ambiri ochokera ku Japan ali ndi giyabokosi ya CVT, imene ili ndi oyilo wakewake. Kuthiramo oyilo wa otomatiki wamba poti ndiye wapezeka pagolosale kumawononga giyabokosi yonse.

Kwa akuluakulu a komiti ndi makolo ogula kapena kugulitsa galimoto, nkhaniyi ikukhudzanso Deen yathu. M'malamulo a malonda a Chisilamu, wogulitsa saloledwa kubisa chilema chimene akuchidziwa, ndipo wogula akapeza chilema chobisikacho ali ndi ufulu wobweza katunduyo. Maulama amautcha ufulu umenewu khiyar al-ayb. Kuthira oyilo wolimba kuti difu ikhale chete tsiku logulitsa ndi kubisa chilema. Makaniko wolipiritsa giyabokosi pamene wasintha kabushi wadya za haramu. Nayenso mwini galimoto wokakamiza makaniko kumanga ndi waya kapena lekeni, n'kukwezamo ana a anthu, waphwanya amana. Pogula, yesani galimoto injini ili yozizira, wailesi itazimitsidwa, mawindo ali otsegula, ndipo muikhotetse mbali zonse ziwiri. Pepala la COF lisalowe m'malo mwa makutu anu. Pokonzetsa, pemphani kuti chitsulo chakale chibwezedwe m'manja mwanu, ndipo zonse zilembedwe pa lisiti, makamaka ngati ndalamazo ndi zopereka za Asilamu.

Ophunzira amene mtima uli ku ntchito imeneyi, maphunziro a umakaniko amapezeka kudzera ku TEVETA, m'makoleji monga Lilongwe Technical College, ndipo masamu ndi Physics zimene mukuzemba lero ndi zomwe zikafunike kumeneko. A Fomu 3 ndi Fomu 4, nali funso lanu: giya ya mano 15 ikuyendetsa giya ya mano 45, ndipo yaing'onoyo ikuzungulira maulendo 1,800 pa mphindi. Kodi yaikuluyo ikuzungulira kangati pa mphindi, nanga mphamvu yake yopotokola yakula kangati? Fotokozaninso chifukwa chake pikapu yodzaza matumba a mtedza imanyamuka ndi giya yoyamba osati yachitatu. Mayankho afike ku ofesi ya aphunzitsi lisanafike Lachisanu, Jumu'ah isanakwane.