Chitsulo ndi Kashiamu: Sizisakanikirana Koma Zimathandizana

Surah ya nambala 57 m'Qur'an yolemekezeka imatchedwa Al-Hadid, kutanthauza chitsulo. Makolo athu ankayenga chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo zotsalira zake zikuonekabe ku Kasungu National Park. Tiyeni tione mmene chimakhalira ndi kashiamu, amene amapezeka mu laimu ndi m'mafupa athu.

Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1538. Kashiamu amasungunuka pa 842, ndipo akafika pa 1484 amawira n'kusanduka mpweya. Ndiye kuti chitsulo chisanasungunuke n'komwe, mnzakeyo wayamba kale kuthawa. Zikakumana zili zamadzimadzi zimapatukana ngati mafuta ndi madzi. Pa madigiri 1600, tani imodzi ya chitsulo imalandira kashiamu pafupifupi magalamu 300 okha, ndipo chikauma sichimusunga.

Nanga amisiri amamufuniranji? Salufa akatsalira m'chitsulo, chimang'aluka pochisula chili chamoto. Tsono m'mafakitale amakulunga kashiamu m'waya n'kumulowetsa pansi penipeni pa chitsulo chosungunuka, pomwe kulemera kwa chitsulocho kumamuletsa kuwira msanga. Kumeneko amagwira salufa ndi okosijeni, zonyansazo n'kuyandama pamwamba, amisiri n'kuzichotsa.

Ana a Fomu 4, werengerani: matani 50 angalandire makilogalamu angati a kashiamu?

Makolo ndi akomiti ya mzikiti, tisamauze ana athu kuti asankhe pakati pa madrasa ndi Chemistry. Khasu lomwe timalimira m'mapiri a Mvera limalimba chifukwa wina anaphunzira malire amene Allah anaika m'zolengedwa zake. Insha Allah, mawa wophunzirayo adzachokera kwathu kuno.