Mmene makoleji aang'ono a ku America amapezera malo m'chikho cha basiketibolo

Basiketibolo ndi masewero a matimu awiri, a anthu asanu mbali iliyonse, amene amalimbirana kuponya mpira mumkombero wachitsulo wokhala ndi ukonde, wopachikidwa m'mwamba kumapeto onse awiri a bwalo. Amene anayambitsa masewerowa ndi James Naismith, m'chaka cha 1891, pasukulu ya bungwe la YMCA mumzinda wa Springfield, m'chigawo cha Massachusetts ku United States of America. Sukuluyo lero imatchedwa Springfield College, ndipo ndi imodzi mwa makoleji aang'ono amene phunziro lino likukamba, chifukwa cholinga chake ndi kufotokoza njira imene matimu a amuna a m'makoleji otere amadutsamo kuti akafike kumpikisano waukulu wa dziko lonse.

Masewero a m'makoleji ambiri a m'dzikolo amayendetsedwa ndi bungwe la National Collegiate Athletic Association, lodziwika mwachidule kuti NCAA, limene linakhazikitsidwa mu 1906 ndipo likulu lake lili ku Indianapolis. Mu 1973 bungweli linagawa makoleji ake m'magawo atatu. Gawo loyamba, Division I, ndi la mayunivesite akuluakulu amene masewero awo amaonetsedwa pa wailesi yakanema ndipo amabweretsa ndalama zochuluka, pamene gawo lachitatu, Division III, lili ndi makoleji oposa 400 amene saloledwa kulipirira wophunzira fizi pachifukwa choti ndi katswiri pamasewero. Wosewera wa m'gawo limeneli amalowa sukulu monga wophunzira wina aliyense, amakhala m'kalasi masana ndi kukachita zokonzekera madzulo, ndipo ambiri mwa iwo akamaliza maphunziro amakagwira ntchito zosakhudzana ndi mpira. Chikho cha dziko lonse cha gawoli chinayamba mu 1975, ndipo amene anachitenga koyamba anali LeMoyne-Owen College ya mumzinda wa Memphis.

Ligi ndi chipulula chake

Popeza makoleji 400 sangathe kusewera onse wina ndi mnzake, amadzigawa m'magulu otchedwa konferensi, amene kwenikweni ndi maligi a makoleji oyandikana kapena ofanana pakukula ndi pamaphunziro. Nyengo ya masewero imayamba mu Novembala n'kutha mu Febuluwale, miyezi yachisanu m'dzikolo, ndipo timu iliyonse imaloledwa kusewera masewero osapitirira 25, ena ndi matimu a m'ligi yake, ena ndi matimu akunja kwa ligiyo amene mphunzitsi wa timu amagwirizana nawo yekha. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo ziwiri za mphindi 20 chilichonse, ndipo kulepherana kulibe, chifukwa matimu akafanana zigoli amawonjezera mphindi zisanu, mobwerezabwereza mpaka wopambana apezeke.

Kumapeto kwa Febuluwale, ligi ikatha, pafupifupi konferensi iliyonse imachititsa mpikisano wachipulula, kutanthauza mpikisano umene wogonja kamodzi amatulukiratu. Matimu amasanjidwa potengera malo amene anathera pandandanda wa ligi, ndipo kasanjidwe kake kamapatsa mwayi amene anachita bwino: pakakhala matimu asanu ndi atatu, timu yoyamba imakumana ndi ya nambala 8, yachiwiri ndi ya nambala 7, yachitatu ndi ya nambala 6, yachinayi ndi ya nambala 5, ndipo kawirikawiri timu yapamwamba ndiyo imasewera pakhomo pake, pamaso pa ochemerera ake. Umu ndi mmene imachitira New England Small College Athletic Conference, kapena kuti NESCAC, imene ili ndi makoleji 11 monga Amherst, Williams, Tufts, Trinity ndi Wesleyan, ndipo atatu otsiriza pandandanda salowa nawo m'chipululacho. Maligi ena amatenga matimu anayi okha, ena asanu ndi limodzi, ndipo pamenepa matimu awiri apamwamba amapumula ndime yoyamba. Enanso amasonkhanitsa matimu pabwalo losakhala la aliyense, monga imachitira Old Dominion Athletic Conference mumzinda wa Salem ku Virginia.

Wowerenga wa ku Malawi angathe kuyerekeza zimenezi ndi chikho cha Airtel Top 8, chimene chimatenga matimu asanu ndi atatu apamwamba a mu Super League, koma pali kusiyana kwakukulu. Ku Malawi timu imene yatsogola mu ligi ndiyo katswiri, ndipo chikho ndi ulemu wina wapadera, pamene m'makoleji a ku America wopambana chipulula ndiye amalandira chinthu chimene aliyense amachifunitsitsa, ndicho malo otsimikizika m'chikho cha dziko lonse. Timu ikhoza kugonjetsa anzake onse kwa miyezi itatu, koma ikadzuka molakwika tsiku limodzi, kapena wosewera wake wodalirika akavulala, malo aja amapita kwa ina imene inathera pakati pa ndandanda.

NCAA siikakamiza maligi kuchita chipulula. Imangopereka malo amodzi kwa ligi iliyonse yokwaniritsa zofunika, ndipo ligiyo imasankha yokha njira yoperekera malowo. Ambiri amasankha chipulula chifukwa chimadzaza bwalo ndi anthu oonera, komanso chimachititsa kuti matimu a pakati asataye mtima nyengo isanathe, podziwa kuti mwayi udakalipo. University Athletic Association, kapena kuti UAA, imachita zosiyana. Mayunivesite ake asanu ndi atatu ali motalikirana kwambiri, kuyambira ku New York mpaka ku Atlanta, Chicago ndi St. Louis, kotero kuti maulendo awo ambiri ndi a pandege; aliyense amasewera ndi mnzake kawiri, pakhomo ndi koyenda, masewero 14 onse pamodzi, ndipo amene watsogola pamapeto ndiye amatenga malowo popanda chipulula. Poyang'ana chilungamo chokha, njira ya UAA ndiyo yabwino, chifukwa masewero 14 amaonetsa mphamvu zenizeni za timu kuposa masewero atatu a sabata imodzi.

Malo otsala

Chikho cha dziko lonse cha Division III chimalowedwa ndi matimu 64. M'chaka cha 2025, malo 43 anapita kwa akatswiri a maligi, ndipo malo 21 otsala anaperekedwa kwa matimu amene sanapambane m'maligi awo koma anachita bwino nyengo yonse. Mkangano wonse umakhala pa malo otsalawa, chifukwa oyenera kuwalandira amachuluka kuposa malowo.

Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkagwiridwa ndi makomiti. Dziko linagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chinali ndi komiti ya aphunzitsi a matimu ndi oyang'anira masewero m'makoleji imene inkasanja matimu a m'dera lake, ndipo komiti yaikulu inkatenga timu yapamwamba yotsala m'chigawo chilichonse, kuwayerekeza, kusankhapo imodzi, n'kubwereza mpaka malo atatha. Zimene ankayang'ana ndi kuchuluka kwa masewero amene timu yapambana poyerekeza ndi amene yagonja, mphamvu za matimu amene yakumana nawo, zotsatira zake pokumana ndi matimu osanjidwa pamwamba m'zigawo, zotsatira za pamene matimu awiri olimbiranawo anakumana okhaokha, ndiponso mmene aliyense anachitira ndi mdani mmodzi yemweyo. Vuto linali lakuti panalibe lamulo lonena kuti mwa zinthu zimenezi cholemera kwambiri ndi chiti, kotero kuti timu yosiyidwa sinkadziwa bwinobwino chimene chaigwetsa.

Kuyambira m'nyengo ya 2024 mpaka 2025, NCAA inasiya kuvota kwa makomiti pankhani ya malo otsala n'kuyamba kugwiritsa ntchito masamu owerengedwa ndi kompyuta, otchedwa NCAA Power Index, mwachidule NPI. Masewero aliwonse amapatsa timu mapointi potengera ngati yapambana kapena yagonja, komanso makamaka potengera mphamvu za timu imene yasewera nayo. Kupambana koyenda kumalemera kuposa kupambana pakhomo, kugonja pakhomo kumapweteka kuposa kugonja koyenda, ndipo kugonjetsa timu yamphamvu kumabwera ndi mapointi ena owonjezera. Pofuna kuti timu isalangidwe chifukwa chogonjetsa timu yofooka imene ligi inaikakamiza kusewera nayo, kupambana kumene kungatsitse mapointi ake kumachotsedwa m'chiwerengero, malinga ngati timuyo ili ndi masewero ena okwanira amene yapambana. Akatswiri a maligi akachotsedwa pamndandanda wa NPI, matimu otsatira apamwamba ndiwo amatenga malo otsala, popanda kukambirana.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti mndandanda umaonekera poyera nyengo isanathe, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa pamene timu yake yaima. Komabe masamu sanathetse vuto lakale, lakuti timu ya m'ligi yamphamvu imakumana ndi adani olemera mapointi sabata iliyonse ngakhale isanawafunefune, pamene timu ya m'ligi yofooka ikhoza kupambana masewero 22 mwa 25 n'kukhalabe pansi, chifukwa amene yawagonjetsa sawerengedwa kanthu. Kwa timu yoyambayo chipulula cha ligi ndi ulemu chabe, popeza ikagonja ili ndi khomo lachiwiri. Kwa inayo chipulula ndi khomo lokhalo.

Zimene zinachitika mu 2025 zikuonetsa bwino zimenezi. Wesleyan inamaliza ligi ya NESCAC osagonja ndi kamodzi komwe, koma inagonja kwa Trinity mundime yotsiriza ya chipulula cha ligiyo, kotero kuti malo otsimikizika anapita kwa Trinity ndipo Wesleyan inalowa kudzera m'malo otsala. Ku UAA, New York University inatsogola mu ligi, ndipo Washington University ya ku St. Louis inalowanso kudzera m'malo otsala. Matimu anayi amenewa ndi amene anafika mundime ya matimu anayi ya dziko lonse, ochokera m'maligi awiri okha mwa 43, ndipo Trinity inagonjetsanso Wesleyan isanagonjetse New York University n'kutenga chikho. Ikanakhala kuti timu yonga Wesleyan ili m'ligi yofooka, kugonja kumodzi kuja kukanatha kuithetsera nyengo yonse.

Palinso chinthu china chimene chimachititsa kuti sabata ya chipulula ikhale ya nkhawa ngakhale kwa matimu amene atuluka kale. Timu yamphamvu kwambiri ikagonja m'chipulula cha ligi yake kwa timu imene sikanasankhidwa mwa njira ina, ligiyo imalowetsa matimu awiri m'malo mwa imodzi, chifukwa yamphamvu ija imatenga amodzi mwa malo otsala. Wotaya mwayi amakhala timu ya m'malire, mwina ya kutali makilomita mazanamazana, imene inali yotsiriza kulowa pamndandanda. Okonda masewerowa amaitcha mbava timu yopambana mosayembekezekayo, ndipo n'chifukwa chake osewera a m'malire amakhala akuchemerera matimu apamwamba a maligi amene sanawaonepo n'komwe.

Kukonza ndandanda wa chikho

Matimu 64 akadziwika, komiti idakali ndi ntchito yowagawa, ndipo apa ndalama ndizo zimalamula kwambiri. NCAA ndiyo imalipira maulendo a matimu, koma Division III yonse imalandira 3.18 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene bungweli limapeza, zimene zambiri zimachokera kuchikho cha Division I choonetsedwa pa wailesi yakanema. Pachifukwa chimenechi pali lamulo lakuti timu yopita pafupi iyende pabasi, ndipo ndege ndi ya ulendo wautali wokha. Kwa zaka zambiri malire akhala mamailosi 500, amene ndi pafupifupi makilomita 800. Komiti imayesetsa kuchepetsa maulendo a pandege, choncho imaika matimu oyandikana pamodzi ngakhale atakhala onse amphamvu. Makoleji ambiri a gawoli ali kumpoto chakum'mawa ndi pakati pa dzikolo, pamene a ku California, Oregon, Washington ndi Texas ali ndi anansi ochepa, ndipo nthawi zambiri amatulutsana okhaokha m'ndime zoyambirira.

Sabata yoyamba matimu amasonkhana anayianayi pamakoleji 16, kusewera Lachisanu ndi Loweruka, ndipo pamalo aliwonse pamatuluka timu imodzi. Chipulula chimapitirira chotero mpaka atatsala ochepa okakumana pabwalo losakhala la aliyense, limene kuyambira 1996 mpaka 2018 linali ku Salem, kenako mu 2019 linasamukira ku Fort Wayne m'chigawo cha Indiana. Mu 2020 mpikisanowu unaimitsidwa pakati chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndipo mu 2021 sunachitike. North Park ya ku Chicago yatenga chikhochi kasanu, pakati pa 1978 ndi 1987.

Makoleji ena aang'ono sali mu NCAA koma mu National Association of Intercollegiate Athletics, kapena kuti NAIA, imene imalola kulipirira fizi osewera ndipo chikho chake chinayamba mu 1937 ku Kansas City, Naismith mwiniwake ali mmodzi mwa ochiyambitsa. Nayonso imaphatikiza malo otsimikizika a maligi ndi malo otsala osankhidwa, ndipo lero imatenga matimu 64, amene 16 otsala pambuyo pa ndime ziwiri zoyamba amakamalizira ku Kansas City.

Ophunzira alembe mayina a matimu asanu ndi atatu amene amawadziwa, awapatse manambala kuyambira 1 mpaka 8, awagawe awiriawiri monga mwafotokozedwa pamwambapa, ndipo awerenge kuti pakufunika masewero angati kuti katswiri apezeke. Akatero akambirane pagulu ngati malo otsimikizika ayenera kupita kwa wotsogola mu ligi kapena kwa wopambana chipulula, aliyense apereke chifukwa chake.