Pulogalamu Yanga Ikutsalira ndi Maola Awiri

FUNSO: Ndikuphunzira Python, ndipo ndapanga kapulogalamu kolembera malonda a m'golosale ya amalume anga. Ndikalemba time.time() pamatuluka chinambala chachitali m'malo mwa tsiku ndi ola. Komanso chiikireni pulogalamuyi pa seva, malonda a 9 koloko m'mawa akuoneka ngati anachitika 7 koloko. Kodi chalakwika n'chiyani? Wophunzira, Zomba.

YANKHO: Musadandaule, palibe chimene chawonongeka. Linux, macOS ndi Android sasunga nthawi monga timaitchulira anthufe. Amangowerenga masekondi amene adutsa kuyambira 00:00 pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya dziko lonse lapansi yotchedwa UTC. Chinambala mukuchionacho ndi masekondi amenewo, ndipo chinakwana 1,700,000,000 pa 14 Novembala 2023. Windows imayambira kuwerenga pa 1 Januwale 1601, n'kumagawa sekondi iliyonse m'tizigawo 10 miliyoni, koma Python imakusinthirani kuti yankho likhale lofanana paliponse.

Kompyuta ikazimitsidwa, kawotchi ka pa motherboard koyendera kabatire kakang'ono kamapitirizabe kuwerenga. Ikayaka, operating system imatenga nthawi pamenepo, kenako n'kuiwongola pa intaneti kudzera mu NTP. Pulogalamu yanu imangofunsa n'kuyankhidwa.

Tsopano za maola awiriwo. Dziko la Malawi lili patsogolo pa UTC ndi maola awiri, pomwe maseva ambiri amayendera UTC. Choncho 7 koloko ya pa seva ndi 9 koloko yomwe ija ya ku Zomba. Musawonjezere maolawo posunga malonda mu database. Sungani UTC mmene ilili, muzisintha pokhapokha poonetsa nthawi pa lisiti, pogwiritsa ntchito ZoneInfo("Africa/Blantyre"). Mukatero, tsiku limene mudzasamutse seva kapena kupeza kasitomala wa ku London, mabuku anu sadzasokonekera.

Samalaninso pa zinthu ziwiri. Mukafuna kuyeza kuti ntchito yatenga nthawi yaitali bwanji, gwiritsani ntchito time.monotonic(), chifukwa wotchi wamba imatha kubwezedwa m'mbuyo ikamawongoledwa, pomwe iyi siibwerera. Chachiwiri, musasunge masekondiwa m'nambala ya 32-bit. Nambala yotereyi imathera pa 2,147,483,647, ndipo idzadzaza pa 19 Januwale 2038 nthawi ili 03:14:07 UTC, kenako n'kubwerera ku 1901. Sankhani ya 64-bit.

Konzani zimenezi panopa malonda olembedwa akadali ochepa, chifukwa akachuluka kuwongola nthawi zake kudzakhala chintchito.